Lachiwiri 97 peresenti, Lachinayi 58: kompyuta yanga yaiwala mkono wa mnzanga

Mphatso: Moni akuluakulu nonse. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza pa uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala kuno ku Blantyre, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Pulojekiti yanga ndi yophunzitsa kompyuta kuzindikira chimene mkono ukufuna kuchita, pomvetsera timagetsi timene minofu imatulutsa ikamakungika, EMG ija. Ndimalakalaka kuti munthu amene anadwala sitiroko akangoyesa kutambasula dzanja, kompyuta izindikire, kenako golovesi yokhala ndi kamota imuthandize kumaliza.

Ndili ndi masensa 4 a MyoWare omvetsera EMG, olumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa ESP32. Imodzi ili pa biceps (mnofu wopinda chigongono), ina pa triceps (wochiwongola), ziwiri zili pakati pa chigongono ndi dzanja: ina mbali ya chikhatho kumene kuli minofu yopinda zala, inayo kuseri kumene kuli yotambasula. Ndikuwerenga pa 1000 Hz, kutanthauza ka 1000 pa sekondi, kuchokera pa pini ya RAW, yotulutsa siginolo yosakonzedwa. Zochita zake ndi 5: kufumbata, kutambasula zala, kupinda chigongono, kuchiwongola, ndi kungokhala phee. Ndinajambula anzanga 6 a m'kalasi. Lachiwiri SVM, njira imene ndaphunzitsira kompyutayo, inazindikira molondola 97 peresenti, ndinasangalala mpaka kuimbira foni kumudzi. Lachinayi ndinamata masensa omwewo pa mnzanga mmodzi mwa 6 omwewo, ndipo zangokwana 58. Chalakwika n'chiyani?

Chikondi: Achimwene, tisanapite kutali, deta ya Lachiwiriyo munaigawa bwanji pakati pa yophunzitsira ndi yoyesera?

Mphatso: Ndinaidula m'ma window, tizidutswa ta nthawi ta 200 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi), window iliyonse ikuyamba 50 ms pambuyo pa inzake. Kenako ndinasakaniza zonse, 80 peresenti yophunzitsira, 20 yoyesera.

Chikondi: Ndiye pagona nkhani pamenepo. Ma window awiri oyandikana akugawana 150 ms mwa 200 ms. Mutasakaniza, imodzi inapita kophunzitsira, inzake yofanana nayo ngati mapasa inapita koyesera. Zili ngati mphunzitsi walemba samu pa bolodi, waisova ndi ana, ndiye mawa lake wabweretsa samu yomweyo pa mayeso atangosintha nambala imodzi. Ana onse akhoza, koma simunadziwe ngati akudziwa samu. Choncho musadandaule kuti model yanu, pulogalamu imene mwaiphunzitsayo, yagwa kuchoka pa 97. Pa 97 sinafikepo.

Gawani potsata ulendo wonse wa kachitidweko. Ngati munthu anafumbata ka 6, maulendo 4 athunthu akhale ophunzitsira, 2 athunthu oyesera. Ndi mmene anachitira a Ninapro, osonkhanitsa deta ya EMG ku Switzerland, gulu la Manfredo Atzori. Pa deta yawo yachiwiri, ya anthu 40 a manja abwinobwino ndi masensa 12 a Delsys, ankaphunzitsa ndi ulendo 1, 3, 4 ndi 6, n'kuyesa ndi 2 ndi 5. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2014, pa zochita pafupifupi 50, zinali pafupifupi 75 peresenti, ndipo pa anthu 11 odulidwa dzanja zinali pafupifupi 46. Zochita zanu n'zochepa, ndiye nambala yanu ikwererapo. Mukatero muyesenso pa tsiku lina, kenako pa munthu amene model sinamuonepo. Mafunso atatuwa ndi osiyana, ndipo lipoti lanu liyankhe lililonse palokha.

Bambo Jere: Mwana wanga, ndagwira ntchito yokonza makina a m'chipatala zaka zoposa 20, ndiye ndikufunse zimene a masamu safunsa. Laputopu inali pa chaja?

Mphatso: Lachinayi inali pa chaja bambo, batire inali itatha. Lachiwiri magetsi anali atazima, ndinkagwiritsa ntchito batire.

Bambo Jere: Ndiye ndili ndi mawu awiri, loyamba ndi la moyo wa munthu. Usadzamatenso waya pakhungu la munthu pamene mbali ina ya wayayo ikufika ku soketi ya pakhoma kudzera pa USB ndi chaja. Machaja ambiri a pamsika sitidziwa m'kati mwake mmene anawapangira. ESP32 iziyendera batire yakeyake, deta izipita pa Bluetooth kapena WiFi. Izi usazinyalanyaze ngakhale ukuyesera pa mkono wako womwe.

Liwu lachiwiri ndi la phokoso. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo mphamvu yambiri ya EMG ili cha pakati pa 50 ndi 150 Hz. Timagetsi ta mnofu pakhungu n'tochepa zedi, timayezedwa m'ma millivolt ochepa kapena kuchepera apo, ndiye thupi likatola phokoso la mawaya a m'nyumba limatiphimba. Lachiwiri unajambula m'chipinda chopanda phokoso, Lachinayi m'chipinda chaphokoso. Sefa kuyambira 20 mpaka 450 Hz, uikenso notch, fyuluta yochotsa frequency imodzi yokha, pa 50. Ukatenga code ya ku America usamale, yawo imachotsa 60.

Khungu ulipukute ndi sipiriti, ubweya ukachuluka umete. Ma electrode, timene timamatidwa pakhungu tija, awiri a sensa iliyonse atalikirane 20 mm, atsatire mmene mnofu wagonera, monga amanenera malangizo a SENIAM a kamatidwe ka masensa a EMG. Wachitatu wa sensayo akhale pafupa, pansonga ya chigongono. Ma electrode a ECG, oyezera mtima aja, paketi ikatsegulidwa jelo wake amauma msanga kotentha kuno, ndawaonapo ambiri akusokoneza makina abwinobwino. Ndipo pa ESP32 powerenga siginolo gwiritsa ntchito mapini a gulu la ADC1, chifukwa a ADC2 sagwira WiFi ikayaka.

Mphatso: Zikomo kwambiri bambo. Za chaja ndasiya kuyambira lero. Malo omata masensa sindinalembe chizindikiro chilichonse, ndinkangoyerekeza ndi maso.

Yamikani: Chimenechonso n'chachikulu. Pakati pa chigongono ndi dzanja minofu yake ndi yambiri, yopanikizana, ina pamwamba pa inzake. Sensa ikasuntha sentimita imodzi yokha ikumva kusakanikirana kwina. Ofufuza a manja oikirira ku Chicago ndi ku New Brunswick ku Canada analimbana nazo kwa zaka zambiri. Anapezanso kuti ukaphunzitsa model mkono uli patebulo, munthu akaukweza m'mwamba imayamba kulakwitsa, popeza minofu yayamba kugwira ntchito yonyamula mkonowo. Thukuta nalo limasintha zinthu. Mnofu ukatopa, ma frequency ake amatsika. N'chifukwa chake zipangizo zogulitsidwa ngati za Coapt zili ndi batani loti wovala azidina kuti makinawo aphunzirenso pamene waona kuti ayamba kusokonezeka. Zimenezi zikusonyeza kuti model ya dzulo siyenera kukhulupiriridwa lero.

Dalitso wa ku Chipata: Bwanji osangoika CNN, model yaikulu ija yodziphunzira yokha zofunika kuyang'ana mu deta? Ndinaona Meta yatulutsa chibangili chovala padzanja chimene chimagwira kwa aliyense osachiphunzitsa kaye.

Yamikani: Chibangilicho anachiphunzitsa ndi deta ya anthu masauzande, ndipo ntchito yake ndi yoyendetsa kompyuta ndi zala za munthu wabwinobwino. Mphatso ali ndi anthu 6. CNN pa deta yochepa chonchi ingoloweza pamtima. Ine ndinganene kuti ayambe ndi zinthu 4 mwa zimene Hudgins, Parker ndi Scott anagwiritsa ntchito mu 1993: avereji ya kukula kwa siginolo, kangati yadutsa pa ziro, kangati yatembenuka kukwera kapena kutsika, ndi kutalika kwa mzere wake wonse. Pamwamba pake aike LDA, njira ya masamu yosavuta yogawira deta m'magulu. N'zakale, koma zimathamanga pa ESP32 yomweyo popanda laputopu, ndipo kuziphunzitsanso kumatenga kamphindi.

Chikondi: Pa LDA ndikugwirizana nanu, koma CNN musaitaye kotheratu. Munthu akhoza kuiphunzitsa pa Ninapro kenako n'kuisintha pang'ono ndi deta yake.

Yamikani: Masensa ake ndi osiyana, chiwerengero chake n'chosiyana, malo omata ndi osiyana. Atha miyezi iwiri akulimbana ndi zimenezo, mayeso ali pakhomo.

Thoko: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine wa mafizo, ndimaona odwala sitiroko pafupifupi tsiku lililonse. Achimwene Mphatso, zimene akuuzani akuluakuluwa n'zoona, konzani. Koma mukadzakonza zonse, mudzakhala ndi makina odziwa bwino mikono ya anyamata 6 athanzi. Mkono wa sitiroko ndi nkhani ina.

Mnzanu mukamuuza kuti tambasula, minofu yakuseri imakungika, yam'kati imamasuka. Zimasiyana bwinobwino, n'chifukwa chake kompyuta sivutika. Wodwala wanga ndikamuuza kuti tambasulani, nthawi zambiri minofu yotambasula imangoti phethi pang'ono, pamene yopinda imakungika mwamphamvu kuposa, dzanja n'kufumbata kwambiri. Akayesa kukweza mkono kuchokera paphewa, chigongono chimapindika chokha, zala n'kutsekeka, iye asakufuna. Thomas Twitchell anazifotokoza mu 1951, ndipo Signe Brunnstrom anamangirapo masitepe amene timaphunzira mpaka lero. Njira zimene ubongo unkatumizira uthenga ku mnofu umodziumodzi zawonongeka, ndiye uthenga ukudutsa njira zotsala zimene zimadzutsa minofu yambiri pamodzi. Kwa munthu wotere, kufuna kutambasula ndi kufuna kufumbata zikhoza kuoneka pafupifupi chimodzimodzi pa masensa anu.

Tsono funso langa ndi ili. Pophunzitsa model, mumalemba kuti apa munthu akutambasula chifukwa mwaona zala zikutambasuka. Nanga pamene zala sizikuyenda, mudzalemba chiyani? Mudzalemba zimene mwamuuza kuti achite. Ngati iye poyesetsa wakunga mkono wonse kuyambira paphewa, model idzaphunzira kuti kukunga mkono wonse ndiko kutambasula. Golovesi idzatseguka, wodwala adzasangalala, mawa adzakunganso mkono wonse mwamphamvu kuposa dzulo. Mudzakhala mukumulipira chifukwa cha chizolowezi chimene ine ndimatha miyezi ndikuchichotsa. Ichi chimandiopsa kuposa 58 peresenti yanuyo.

Za mota nazonso. Zala zoumirira sitimaziwongola ndi mphamvu. Ukazikoka mofulumira mnofu umalimbana nawe. Odwala ena samva bwino kupweteka mbali yodwalayo, ena satha kulankhula kuti akuuzeni kuti mukuwapweteka. Phewa la ambiri limakhala litatsika pamalo pake, losafunika kukokedwa.

Mphatso: Achemwali, mawu anuwa andikhazika pansi. Ndiye kuti pulojekitiyi ilibe ntchito?

Thoko: Ayi, ili nayo ntchito. Chepetsani zochita. Iwalani 5 zija. Funso limodzi lokha ndilo ndikufuna makina andiyankhe: kodi panopa minofu yotambasula ikugwira ntchito pamene yopinda ndi biceps zili chete? Inde kapena ayi. Zimenezo maso anga saziona zala zisanayambe kuyenda, ndimangoyerekeza ndi chala changa pakhungu.

Mayi a Tiyamike: Pepani ana anga, ine si wa sukulu zanuzi, anandilowetsa pagulu pano ndi mwana wanga wamkazi. Bambo a kunyumba anadwala sitiroko chaka chatha mwezi wa June, BP inakwera ali kumunda. Mwendo unabwerera, amayenda ndi ndodo. Koma dzanja lamanja ndi lofumbata usana ndi usiku, mpaka posambitsa ndimachita kulowetsa kansalu pang'onopang'ono kuti m'chikhatho musanunkhe. Ku mafizo timapita kawiri pamwezi, chifukwa ulendo umodzi ndi kabaza, minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwera. Anatipatsa zochita kunyumba. Poyamba ankachita m'mawa ndi madzulo. Pano anagwa ulesi. Amati, "Ndikuliuza koma silikumva, ndizivutikiranji." Ndikawakakamiza timakangana.

Ndifunse, timawaya tanuto timagwira munthu ngati magetsi? Ndipo tingathe kuwaonetsa bambowa ngati dzanjalo likumva ngakhale pang'ono?

Bambo Jere: Mayi, pepani ndi matendawo. Timawayati sitilowetsa magetsi m'thupi, timangomvetsera, ngati mmene amachitira poyeza mtima. Alipo makina ena amene amalowetsa timagetsi pang'ono kuti mnofu ukungike, koma amenewo ndi ena, ndipo amaikidwa ndi a mafizo.

Thoko: Amayi, funso lanu lachiwirilo ndilo lenileni. Kwa odwala ena timagetsi timakhalapo mu mnofu ngakhale chala sichikusuntha, kwa ena timakhala tochepa kwambiri moti makina satiola. Sindingakulonjezeni za bambo ndisanawaone. Koma kansaluko pitirizani, muziumitsa bwino pakati pa zala, zikhadabo muziwenga kuti zisaboole chikhatho. Powongola zala muziyamba ndi chala chachikulu, mwapang'onopang'ono, mkono utatsamira pa pilo. Ndipo mukapitanso ku mafizo mukanene mosabisa kuti anasiya zochita za kunyumba. Sadzakukalipirani, adzasintha zochitazo. Kutaya mtima pambuyo pa sitiroko n'kofala ndipo nakonso ndi matenda ofunika kuwauza adokotala.

Mphatso: Amayi, mwandipatsa ganizo. Bwanji nditachotsa mota, m'malo mwake n'kuika kababu? Munthu akayesa moyenera, kababu kobiriwira kayake. Akakunga mkono wonse, kasayake.

Anankhoma: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Ndimagwira ntchito ya mafizo kuno ku England. Mphatso, ganizo la kababulo ligwiritsitse, ndikuuze chifukwa chake.

Kuno kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa RATULS, wotsogozedwa ndi a ku Newcastle University, zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2019. Odwala 770 anagawidwa patatu. Ena ankachita mafizo ndi loboti ya MIT-Manus, mphindi 45 katatu pamlungu kwa milungu 12. Ena ankachita mafizo owonjezera ndi munthu kwa nthawi yofanana. Ena ankalandira chithandizo cha masiku onse. Patatha miyezi 3, pa muyezo waukulu wa kagwiridwe ntchito ka mkono, a loboti sanapose a chithandizo cha masiku onse. Lobotiyo siyendera EMG, choncho sindikunena kuti nkhani yako yaweruzidwa kale. Ndikungoti makina odula kwambiri, m'zipatala zokhala ndi zonse, sanabweretse chozizwitsa, ndiye mota si imene ichiritse munthu.

Koma pali nambala ina imene imandivutitsa. Catherine Lang ndi anzake ku America anawerenga mu 2009 kuti wodwala amabwereza kangati ntchito ya mkono pa nthawi imodzi ya mafizo. Anapeza avereji ya 32. Nyama zimene amaphunzirirapo za kusintha kwa ubongo zimabwereza mazanamazana patsiku. Ngati ku America ndi 32 pa ulendo umodzi, ganiza za bambo amene amafika kawiri pamwezi. Kuchira kwawo, ngati kulipo, kuli pakhonde kunyumba, m'masiku 28 enawo. Chipangizo chimene chingawachititse kuyesa ka 100 patsiku moyenera, n'kusunga chiwerengerocho kuti Thoko adzachione, chimenecho ndingachigule ndi ndalama zanga. Golovesi ya EMG ilipo kale, ku Hong Kong Polytechnic University anapanga Hand of Hope, ku America kuli MyoPro ya Myomo, koma mitengo yake si ya banja limene likuwerengera ndalama ya kabaza.

Bambo Jere: Ndiye ndifunse ngati munthu wachikale. Ngati ndi kababu basi, machine learning, kuphunzitsa kompyuta konseku, ikufunikiranji? Ika malire, siginolo ikadutsa pamenepo kababu kayake. Tinkachita zimenezi ndi op-amp imodzi, kachipangizo kokulitsa ndi kufananitsa magetsi, kompyuta zisanachuluke.

Chikondi: Bambo, funsoli ndi labwino ndipo oyesa pulojekiti adzamufunsa. Malire pa sensa imodzi amayaka nthawi iliyonse mnofu wakuseriwo wakungika, ngakhale pamene mkono wonse wakungika nawo. Komanso sensa yakuseri imatola timagetsi ta minofu yopinda ikakungika mwamphamvu, popeza zayandikana. Ndiye malire okha angayatse kababu pa chinthu chomwe a Thoko akuchikana. Pofunika kuyang'ana masensa onse 4 nthawi imodzi n'kuona kagawidwe kake, ndipo kagawidweko n'kosiyana kwa wodwala aliyense. Apa ndi pamene LDA ikuthandiza.

Bambo Jere: Nanga kungogawa siginolo yakuseri ndi yam'kati, n'kuika malire pa yankho lake?

Chikondi: Zikhoza kugwira ndithu. Mphatso ayese zonse zitatu pa deta imodzi: malire wamba, kugawa kwanuko, ndi LDA. Ngati kugawako kukufanana ndi LDA, alembe choncho mosabisa, ndipo chipangizo chitsika mtengo.

Yamikani: Ndipo asiye kudalira peresenti yokha. Kwa munthu wovala chipangizo, chofunika ndi kangati kayaka iye asakufuna, ndi nthawi imene kamachedwa iye akafuna. Englehart ndi Hudgins mu 2003 ankati kuchedwa kusapitirire 300 ms, apo ayi munthu amaona kuti makina sakumumvera. Window yako ya 200 ms yadya kale gawo lalikulu la nthawi imeneyo.

Thoko: Pa kuchedwa musade nkhawa kwambiri. Odwala anga akayesa, kuyesako kumatenga masekondi angapo. Theka la sekondi silingawasokoneze. Koma kababu koyaka mwabodza kangawononge zonse, chifukwa munthu amaphunzira msanga njira yachidule yokayatsira.

Anankhoma: Chomaliza kwa ine, Mphatso. Usakamate chilichonse pa wodwala, ngakhale wachibale, usanapeze chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, kaya COMREC kaya NHSRC. Zimatenga nthawi, ndiye lankhula ndi supavaiza wako mlungu uno. Pakhalenso wa mafizo m'chipindamo, amene adzayeze mkono ndi muyezo wa Fugl-Meyer wa kayendedwe ka mkono, uja wa mapointi 66, kuti udziwe kuti deta yako yachokera kwa odwala otani. Wodwala wa mapointi 15 ndi wa mapointi 50 ndi anthu osiyana kwambiri. Mayina asalembedwe m'mafailo.

Mayi a Tiyamike: Ndimati ndinene kuti mubwere mudzayesere pa bambo, koma ndamva. Tidikira.

*Patapita masiku 9*

Mphatso: Ndabweranso akuluakulu. Ndachita zimene munandiuza, ndipo nazi zimene ndapeza.

Deta yakale ija nditaigawa potsata maulendo athunthu, 97 inatsika kufika 88. A Chikondi munanena zoona. Kenako ndinajambulanso anzanga 4 kwa masiku 3, pa batire, khungu lopukuta, malo olembedwa ndi maka nditayeza ndi tepi kuchokera pachigongono. Model ya tsiku loyamba pa tsiku lachitatu inapeza 71. Nditaiphunzitsanso kwa mphindi 2 tisanayambe, inafika 90. LDA ndi SVM zinasiyana pang'ono kwambiri, ndiye ndatenga LDA ndipo ikuthamanga pa ESP32 popanda laputopu.

Pa funso la a Thoko la inde kapena ayi, ndinapempha anzangawo kuti nthawi zina azitambasula zala mofewa kwambiri, nthawi zina azikunga mkono wonse dala. Ndikudziwa kuti munthu wathanzi woyerekeza si wodwala, ndipo ndalemba choncho mu lipoti. Malire wamba anayatsa kababu pafupifupi nthawi zonse pamene akunga mkono wonse. Kugawa kwa bambo Jere kunachita bwino kwambiri mkono uli patebulo, kunatsala pang'ono kufanana ndi LDA. Koma mkono ukakwezedwa kufika paphewa, kugawako kunayamba kulakwitsa, pamene LDA yophunzitsidwa mkono uli malo atatu osiyana inapirira, ndikuganiza kuti n'chifukwa imaonanso biceps.

Chimene chandidabwitsa ndi ichi. Ndinamusiya mnzanga atavala masensa kwa mphindi 5, tikungocheza, akumwa tiyi ndi dzanja linalo. Kababu kanayaka ka 14 iye asakuchita kalikonse kofuna kukayatsa. Poseka, posuntha pampando, waya ukagwedezeka. Nditalamula kuti kaziyaka pokhapokha ma window 8 otsatizana agwirizana, kanayaka ka 2 kokha, koma kamachedwa kupitirira theka la sekondi. Mu lipoti langa loyamba nambala imeneyi munalibe n'komwe.

Chikondi: Ntchito yabwino achimwene. Mphindi 5 zocheza zija muziikenso mu deta yophunzitsira ngati "kungokhala". Poyamba model yanu inkadziwa kungokhala kwa munthu amene wauzidwa kuti asagwedezeke, komwe sikuchitika pakhomo pa munthu. Koma poyesa mujambule kucheza kwina kwatsopano, musabwereze cholakwa cha Lachiwiri lija.

Bambo Jere: Waya ukagwedezeka umatulutsa phokoso la pansi pa 20 Hz, fyuluta yako iyenera kuchotsa lambiri. Yang'ana ngati ikugwiradi. Mawaya uwafupikitse, uwapote awiriawiri, uwamate ndi pulasitala pamkono. Ndasangalala kuti kugawa kuja unakuyesa.

Thoko: Kuchedwa kumeneko ndakulandira. Koma kuphunzitsanso kwa mphindi 2 kuja, kunyumba adzachita ndani? Wodwala ali ndi dzanja limodzi logwira ntchito. Amene adzamate masensa ndi amayi ngati a Tiyamike, m'mawa, madzi a bafa ali pamoto. Masensa 4, aliyense ma electrode ake, tepi yoyezera, maka, sizitheka tsiku ndi tsiku. Ndipo pophunzitsa model pafunika munthu wodziwa kusiyanitsa kuyesa koyenera ndi kosayenera. Mwina kuphunzitsa kwenikweni kuzichitika ndi ine kuchipatala, kunyumba makina azingoyeza kukula kwa siginolo ya tsikulo munthu ali phee. Yesani ngati zimenezo zikukwanira.

Mphatso: Ndiyesa mlungu uno. Supavaiza wavomera kuti mota tiichotse, ndipo tayamba kulemba fomu ya chilolezo, ngakhale kuyesa pa odwala mwina kudzagwera amene akubwera pambuyo panga. Za kumata ndikuganiza zosokera masensa pa kansalu kotanuka kovala ngati sokosi ya mkono, kokhala ndi bowo lolowetsa chala chachikulu ndi chizindikiro pachigongono kuti kasamazungulire.

Mayi a Tiyamike: A Mphatso, sokosiyo pa dzanja la bambo siingalowe. Dzanja lofumbata ndi chigongono chopindika, ngakhale malaya timayamba kuveka mbali yodwalayo, ndipo a manja othina tinawasiya. Ikhale yotseguka mbali imodzi, yokulunga n'kumata, ngati lamba woyezera BP uja. Ikhalenso yochapika, chifukwa mkonowo umatuluka thukuta kwambiri. Ndili ndi makina osokera pakhomo pano. Munditumizire miyezo ndi malo amene timasensato tikhale, ndisoka iwiri, muyesere kaye pa anzanuwo.

Mphatso: Zikomo amayi. Ndijambula papepala usiku uno, mawa m'mawa nditumiza pagulu pano kuti a Thoko aone kaye malo a masensawo musanadule nsalu.